Mkazi Amene Analephera Mayeso Osawalemba

"Ndinu wabodza, a Jethro! Wabodza wovala tayi!"

Eneless Goma sanaodire n'komwe. Analowa m'kalasi ya Giredi 7 matope a kudimba ali kumapazi, namenyetsa pepala patebulo mpaka choko chinagubuduzika n'kugwera pansi. Mwayi wake ana anali ataweruka. Jethro Sakala, mphunzitsi wa ku Chipata amene anatumizidwa pasukulu ya Kalowe chaka chathacho, anatembenuka dasitala ili m'manja.

"Nyagoma, kwagwanji?" anafunsa, akumutchula ndi dzina laulemu la kumeneko la mwana wamkazi wa a Goma.

"Musandipusitse ndi Nyagoma wanuyo. Werengani! Si ndinu odziwa kuwerenga kuno? Nambala naini."

Pepalalo linali mndandanda wa ana odzalemba mayeso a Giredi 7 kumapeto kwa chaka chimenecho cha 1995. Analikhoma pachitseko cha ofesi ya ahedi Lolemba, ndipo Eneless anali atalizula yekha, ngodya zake n'kutsala pamisomali. Jethro sanaliyang'ane. Apa m'pamene Eneless anadziwa kuti n'zoona. Munthu wosadziwa kanthu amayamba wawerenga kaye.

"Chabwino, ndikuwerengereni ine. 'Goma Eneless, mtsikana, zaka khumi ndi zinayi.' Ine! Ine wa zaka makumi awiri ndi zitatu, amene ndinachoka pabenchi ili inu musanaione n'komwe koleji! Loweruka lino mutumiza thenga kwa adada kudzandifunsira ukwati, kumbali kuno mwandilemba kuti ndine kamwana ka m'kalasi mwanu?"

"Khala pansi ndikufotokozere."

"Fotokozani ndili chiimire."

Jethro anaika dasitala pansi. Mawu ake, aja amamveka mpaka kubwalo la mpira akamaphunzitsa, anatuluka opyapyala. Anati tsiku limene anafika, ahedi, a Kumwenda, anam'patsa kaundula wa mayina makumi atatu ndi anayi. Atalowa m'kalasi anapeza mitu khumi ndi itatu. Atafunsa kuti enawo ali kuti, ahedi anatseka chitseko n'kumuuza kuti ana akachepa chonchi a ku Boma adzaichotsa Giredi 7, ndipo ana a Kalowe azidzapita ku Tembwe: ulendo wa tsiku lathunthu, njira ya njovu, mitsinje iwiri yosaoloka dzinja lonse. Choncho mayina a ana amene anasiya sukulu kalekale sankafufutidwa. Ankangowatsitsa zaka n'kumawachonga m'mawa uliwonse kuti alipo.

"Ndinayamba kuchonga osadziwa kuti Goma Eneless ndani," anatero Jethro.

"Munadziwa liti?"

Jethro anatembenukira kubolodi.

"Ndati munadziwa liti?"

"Marichi, chaka chatha."

"Marichi! Ndipo kudimba munayamba kubwera mu Juni. Ndiye kuti m'mawa mumandichonga kuti ndilipo, masana mumabwera kudzagula repu n'kumandiuza kuti kuseka kwanga kukulandani tulo. Chaka chathunthu! Mulungu wanga."

"Ndikanafufuta lako lokha, ahedi akanafuna kudziwa chifukwa. Ndinkati ndikuuze, Nyagoma. Tsiku lililonse ndinkati mawa."

"Nanga mayeso? Dzina ili lalowa kangati?"

"Aka n'kachinayi."

"Ndinakhoza?"

Jethro anapukusa mutu. "Amene sanabwere kudzalemba amamuwerengera pamodzi ndi olephera. N'chifukwa chake sukulu yathu imakhala kumchira m'boma lonse la Chama. Ana enieniwo amayesetsa, theka amakhoza, koma papepala amamira m'mayina a anthu omwe kulibe."

Apa Eneless anakhala pansi osauzidwa. Benchi linali lomwe lija, la thabwa long'aluka pakati, limene linkam'tsina ntchafu ali mwana. Iye amene ku Giredi 6 ankakhala nambala wani temu iliyonse, iye amene analira masiku atatu pamene atate ake anam'chotsa sukulu kuti azikalondera mapira kwa anyani ndi mbalame, lero akumva kuti ku Boma kuli mabuku onena kuti ndi mbuli yolephera katatu. Mayeso amene anawalota zaka zisanu ndi zitatu anawalephera osaona ngakhale mtundu wa pepala lake!

Jethro anatambasula dzanja kuti am'gwire phewa. Eneless anaimirira.

"Dzanja limenelo ndi lochongera. Musandikhudze nalo."

* * *

Aaron Zimba ankamudikira panjira ya kuchitsime, atatsamira njinga, yunifomu yake ya usikauti wa nyama itasitidwa ngati akupita kuukwati. Ndi iyeyu amene anafika kudimba m'mawa uja n'kunena kuti, "Pita ukaone pachitseko cha ahedi, mwana wasukulu iwe." Zaka ziwiri Aaron wakhala akum'funsira Eneless, zaka ziwiri Eneless wakhala akum'kana, ngakhale atate ake ankam'konda mnyamatayo chifukwa cha nyama ya mvuu imene inkafika pakhomo nthawi ndi nthawi.

"Mwaweruka, a Giredi 7?" anaseka Aaron. "Homuweki akupatsani aticha?"

"Choka panjira, Aaron."

"Ine ndikungokumvera chisoni. Anyamata a m'tauniwa ndi choncho, mkamwa muli uchi, m'chikwama muli zina."

"Nkhani iyi ndi ya ine ndi a Jethro. Tiikonza tokha."

"Mwachedwa. Yafika kale ku Boma."

Eneless anaima.

"Wailesi ya kukampu kwathu imagwira bwino, Nyagoma. Dzulo ndinatumiza uthenga kwa a maphunziro. Sindinawonjezere mchere, ndinangonena zolembedwa: mphunzitsi wa Giredi 7 pa Kalowe afuna kukwatira mtsikana wa m'kalasi mwake, wa zaka khumi ndi zinayi. Ayankha manje manje. Insipekita afika Lachisanu."

"Koma iwe udziwa kuti ndi bodza! Giredi 1 tinayamba tsiku limodzi, ine ndi iwe. Unkakopera samu zanga!"

"Bodzalo ndi langa? Walemba ndine? Asankhe yekha tichayo. Akati ndiwe mwana wasukulu, ntchito yatha, mwina ndi ndende yomwe. Akati sindiwe mwana wasukulu, ndiye kuti kaundula wake ndi wabodza, Giredi 7 yapita, waphera mudzi wonse sukulu. Kulikonse kumene atembenukire kuli ng'ona." Aaron anapukuta fumbi pachishalo cha njinga. "Ine nyumba yanga ya malata ilipo, sithawa."

Eneless anayang'ana pansi kufuna mwala. Aaron ankaudziwa mtima wa mkaziyu kuyambira ali ana. Anakwera njinga msangamsanga n'kupalasa, belu likulira ngati wapambana mpikisano.

* * *

A Meshack Goma, atate a Eneless, anali atamva kale. Iwo anali tcheyamani wa komiti ya makolo pasukulupo, ndipo nkhani ya sukulu inkawapeza isanafike kwa wina aliyense. Eneless anawapeza akusema mpini pamthunzi wa nkhokwe.

"Thenga wa tichayo asaponde pano Loweruka," anatero osadzutsa mutu.

"Adada, mundimve kaye."

"Ndamva zokwanira. Mudzi wonse ukuseka. Ati Goma akwatitsa mwana wa Giredi 7. Dzina langa lasanduka chiguduli chofufutira bolodi."

"Dzina lanu? Limene lili papepala paja ndi langa, adada. Wolephera katatu ndine."

"Usandiyankhe ngati ndine mnzako wa kuchitsime. Aaron ndi mwana wa kuno. Makolo ake tiwadziwa, manda a agogo ake tiwadziwa. Mlendo uyu akam'chotsa ntchito akwera lole ya mpunga n'kubwerera kwawo. Iwe udzatsala ndi chiyani?"

"Ndakwiya naye, inde, ndipo ndikwiyabe. Koma sindinati ndamusiya."

"Ndakusiyitsa ine."

Kasemasema kanagwa pampini mwamphamvu mpaka mpiniwo unang'aluka. A Goma anauyang'ana, nautaya kumbali, natola wina. Nkhani inathera pomwepo, monga mmene nkhani zonse zinkathera pakhomo limenelo. Ya sukulu ija inatheranso chimodzimodzi: munthu wamkulu wanena, mwana wamkazi akalirire kuseri kwa nyumba.

* * *

Lachinayi masana ahedi anafika okha kudimba, thukuta lili kamukamu, kaphukusi kali kukhwapa. Bambo wa imvi uja, amene anam'phunzitsa Eneless kugwira pensulo, anakhala pansi pamphepete pa mzere wa repu osasamala za buluku lake.

"Mwana wanga, ndabwera kudzapempha."

Anamasula phukusilo. Munali yunifomu ya buluu ya kolala yoyera.

"M'mawa umodzi wokha. Ukhale kumbuyo, akaitana dzina lako uyankhe. Ena ndawapeza kale. Mlamu wako Agness wavomera, anyamata ena a m'mudzi muno avomera. Insipekita akawerenga mitu n'kuona kuti yakwana, apita."

"Nanga a Jethro?"

Ahedi anayang'ana kumtsinje. "Sakala ndi mnyamata. Ali ndi pepala la koleji, adzapeza pena. Koma ana khumi ndi atatu aja alibe pena. Uganiza kuti pali kholo limene lidzatumiza mtsikana ku Tembwe kukagona m'nyumba za eni? Onse adzathera kumunda. Monga iwe."

Mawu otsirizawo anamulasa, chifukwa anali oona.

"Ndiye mukuti ndivale ichi, ndikhale pamaso pa anthu, ndichitire umboni kuti mwamuna amene ndim'konda amafunsira ana asukulu?"

"Sunena kanthu ayi. Ungoti, 'Ndilipo.'"

"Ahedi, munandiphunzitsa ndinu kuti bodza ndi tchimo. Munandikwapula ndi kamtengo ka bwemba chifukwa ndinanama kuti mbuzi yadya kope langa."

"Nthawi imeneyo ndinali ndi ana odzaza kalasi," anatero ahedi, naimirira movutikira. Phukusilo analisiya pomwepo.

Eneless anasamba m'manja asanaigwire yunifomuyo. Anaiyeza pachifuwa. Inkam'fika m'maondo, inkanunkhira sopo ndi makala a simbi. Kangati anaima kumunda, chitini choopsezera mbalame chili m'manja, akumva belu la sukulu likulira kutali, n'kumapempha Mulungu kuti am'bwezere nsalu imeneyi ngakhale temu imodzi? Manje yabwera, koma yabwera kudzam'gwiritsa ntchito ya Aaron. Anakwiya mpaka misozi inatuluka yokha.

Dzuwa litapendeka, Agness, mkazi wa mchimwene wake, anabwera mwana ali kumsana, natulutsa kakalata m'mfundo ya chitenje.

"Aticha ako andipatsa kumpope. Maso ali psuu ngati adya tsabola."

Kalatayo inati: "Nyagoma, ndinakulakwira, ndipo sindikupempha kuti undikhululukire msanga. Ndamva za yunifomu. Usaivale chifukwa cha ine, usaikanenso chifukwa cha ine. Mawa ndidzayankha za dzanja langa lokha. Zikadzatha, ngati udzandifunabe, thenga wanga akadali wokonzeka."

"Za dzanja lake lokha, ndiye kuti chiyani?" anafunsa Eneless. "Palinso dzanja la yani?"

"Undifunsa ine? Ine kuwerenga ndimadziwa kwa pabotolo la mankhwala basi," anatero Agness, nayamba kukonza mwana kumsana ngakhale mwanayo anali gone.

* * *

Landirova ya ku Boma inafika Lachisanu dzuwa lisanawawe. Munatsika mayi wamfupi wa magalasi, Mayi Vivian Mwale, amene sanafune tiyi, sanafune nyimbo ya ana yowalandira, anangoti, "Giredi 7 ili kuti?" Makolo anaunjikana m'mawindo opanda magalasi. Aaron anaima kutsogolo kwawo atapinda manja. A Goma, monga tcheyamani, anawaikira mpando m'kati, pafupi ndi khomo.

M'kalasimo munali zoti munthu asadziwe kuti aseke kapena alire. Kutsogolo kunakhala ana khumi ndi atatu aja. Kumbuyo kunadzaza zimphona: anyamata ometa ndevu m'mawa womwewo, zibwano zili ndi mabala a lezala, maondo osakwana pansi pa desiki. Pakona panali Agness, mayi wa ana awiri, mabatani a yunifomu ali pafupi kuthothoka, khanda lake likulira panja m'manja mwa mnansi.

Mayi Mwale anatsegula kaundula nayamba kuitana. Kamtsikana ka kutsogolo kanayankha. Dzina lachiwiri linayankhidwa kumbuyo ndi liwu la besi la m'kwaya ya amuna, ndipo insipekita anasuzumira pamwamba pa magalasi. Anapitiriza.

"Goma Eneless."

Zii.

"Goma Eneless!"

"Ndine pano."

Liwulo linachokera pakhomo. Eneless anaima pamenepo m'chitenje chake cha kudimba, duku lili kumutu, yunifomu yopindidwa bwino ili m'manja. Anayenda mpaka patebulo naiika pamwamba pa kaundula.

"Ndinu yani, mayi?"

"Amene mwaitanayo, madamu. Wa zaka khumi ndi zinayi, ati. Sukulu ndinasiya mu 1987 ndili Giredi 6. Kuyambira pamenepo sindinaphunzirenso, koma ndamva kuti sindinajombepo tsiku ndi limodzi lomwe."

M'mawindo munamveka phokoso, ena kuseka, ena kugwira pakamwa. Kamtsikana ka kutsogolo kaja kanam'yang'ana Eneless ndi maso ofunsa, ndipo Eneless analephera kukayang'ana kachiwiri.

Mayi Mwale anatembenukira kwa Jethro. "Bambo Sakala, uthenga umene ndinalandira ukuti mufuna kukwatira mwana wa m'kalasi mwanu."

"Ndifuna kukwatira mayi awa, madamu, ngati andilolabe. Si mwana wasukulu. Ana anga ndi awa khumi ndi atatu. Mayina enawo ndakhala ndikuwachonga ine, m'mawa uliwonse, ndikudziwa kuti eni ake kulibe."

Insipekita anavula magalasi. "Zaka zinayi takhala tikulemba malipoti oti ana a Kalowe ndi ouma mitu. Aphunzitsi awiri tinawasamutsa kuno poganiza kuti ndi aulesi. Kani timawerenga mizukwa! Ahedi, mukuti bwanji?"

A Kumwenda anapukuta nkhope ndi mpango. "Kaundula ndi wa mphunzitsi wa kalasi, madamu. Ine ndimangosaina zimene andipatsa."

Eneless anawayang'ana ahedi. Bambo yemwe uja wa dzulo, wa "mwana wanga"! Jethro anangoyang'ana pansi.

"Ayi, sizikumveka," anatero Mayi Mwale akutembenuza masamba. "Bambo Sakala anabwera chaka chatha, mayina awa anayamba kale. Ndipo pali midzi, pali mayina a makolo, zonse zolondola. Ahedi nawonso si mbadwa ya kuno. Pali munthu wodziwa khomo lililonse amene amasonkhanitsa mayinawa. Bambo Sakala, ndani?"

"Ndayankha za dzanja langa, madamu."

"Ndikufunsani kachiwiri. Ganizani bwino, ntchito yanu ili pamenepa. Ndani?"

Eneless anam'yang'anitsitsa Jethro, mtima ukufuula kuti nenani, nenani, mukubisa yani? Koma mwamunayo anatseka pakamwa ngati am'soka.

"Ndiye musenza nokha. Kuyambira manje simuphunzitsanso. Katengeni chikwama, mukwera nafe, mukafotokoze ku Boma. Za Giredi 7 ino tikagamula komweko. Ndipo inu nonse akuluakulu mwavala yunifomu za ana, musatuluke. Dalaivala alemba mayina anu enieni."

Pawindo Aaron anamwetulira. Panja khanda lija linakuwa kwambiri, ndipo Agness analumpha, desiki n'kugwa.

"Ine ayi! Ine ndili ndi khanda, madamu, musandimange! Ine anandituma! Anandituma ndi apongozi anga, awo akhala apowo!" Chala chake chinaloza mpando wa pakhomo. "Chaka chilichonse mu Januwale ndiwo amayenda khomo ndi khomo kutenga mayina a ana osiya sukulu. Anthu akaopa, iwo amati, 'Muopa chiyani? Ine dzina la mwana wanga Eneless ndinalipereka loyamba.'"

Pawindo paja, kumwetulira kwa Aaron kunauma.

Eneless anatembenuka pang'onopang'ono. Anayang'ana Jethro, ndipo Jethro anatsinzina. Ankadziwa! Nthawi yonseyi ankadziwa, ndipo analolera kutaya ntchito kusiyana n'kutchula munthu amene ankayembekeza kumutcha apongozi. Panja dalaivala analiza injini.

A Goma anaimirira, navala chipewa, nayamba kulunjika kukhomo. Eneless anafika pakhomopo iwo asanafike, natambasula manja kugwira mafelemu onse awiri.

"Adada. Dzanja ili munandichotsa nalo pabenchi, dzanja linalo n'kupereka dzina langa kuti lizikhala pabenchi lomwelo popanda ine?"

"Ndinachitira sukulu," ananong'ona a Goma. "Patuka. Usandichititse manyazi pagulu."

"Sukulu munaifunira ana a eni, wanu ali kumunda ndi chitini? Mwakana thenga wa munthu uyu, pomwe iye wasoka pakamwa kuteteza inu!"

"Ndati patuka, Eneless."

"Sindipatuka. Galimoto yalira iyo, akakwera wapita. Madamu afunsa kawiri, manje ndifunsa ine, ndipo mudzi wonse ukumva. Anasonkhanitsa mayina ndani? Musayang'ane ahedi, yang'anani ine. Yankhani, adada!"